Luzi m'Makina a Thonje

Ulusi wa thonje umamera pa njere, pomwe wa fulakesi, chamba cha mafakitale, ramie ndi jute umabisala pansi pa khungwa la phesi, monga luzi la mombo. Mawu ambiri a opota ulusi wosakaniza amachokera pa kusiyana kumeneku.

Luzi la fulakesi limatha kupitirira theka la mita, koma kaulusi ka thonje kamathera pa masentimita atatu kapena anayi. Kutalikako n'konyenga: luzilo ndi mtolo wa tiulusi tatifupi tomatidwa ndi ulimbo wachilengedwe wotchedwa pectin. Kuvunditsa mapesi kuti ulimbowo ufooke ndiko kumene amati retting. Alimi a ku Normandy amawayala m'munda kuti mame ndi mvula ziwafewetse. Kale ku Kortrijk ankawaviika mumtsinje wa Lys. Akachedwa kuwachotsa luzi limawola, akafulumira limakana kusiyana ndi phesi. Kenako amawapuntha n'kupesa luzilo, ndipo zazifupi zotsalira pachipeso ndizo tow.

Liwu lolemera kwambiri pa ntchitoyi ndi cottonisation, kuduladula ndi kumasula luzi mpaka lifanane ndi thonje. Ine ndimaona ngati nkhanza ndithu: mlimi wavutika kusunga utali, fakitale n'kuudula. Koma makina ambiri opotera padziko anapangidwira thonje, ndiye luzi ndilo liyenera kugonja. Munthu wina wotchedwa Claussen anaonetsa fulakesi wokonzedwa chotere pachionetsero chachikulu cha ku London mu 1851, ngakhale malonda ake sanapite patali.

Tisasokoneze blend ndi union. Mu blend, tiulusi timasakanikirana tisanapotedwe. Mu union, ulusi woimirira ndi wa mtundu wina, wopingasa ndi wa mtundu winanso, monga fustian ya ku Lancashire, imene woimirira wake unali wa bafuta (ulusi wa fulakesi), wopingasa wa thonje.

Manambala nawo amapusitsa. Opota thonje amawerenga mipukutu ya mayadi 840 pa paundi imodzi, a bafuta ya mayadi 300, choncho nambala 30 ya bafuta ndi yonenepa kuposa nambala 30 ya thonje. Muyeso wa tex, magalamu pa mamita 1,000, umathetsa mkanganowo.

Fulakesi ndi wouma, satamuka, ndipo akachuluka mumsakanizo ulusi umadukaduka. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amaupota pa makina a rotor, amene amalolera tiulusi tosalingana kuposa a ring. Timfundo totsalira, ma slub, wopota amalimbana nato, komabe wogula malaya amatifuna ngati umboni woti bafuta alimodi.