Kaphunzitsidwe Kotembenuza: Kumene Kanacokera ndi M'mene Aphunzitsi Anakaphunzirira

Pa sukulu zambiri, za m'dziko lino ndi za m'maiko ena omwe, tsiku la mwana wa sukulu ligawika pawiri. M'mawa akhala pa desiki namvera mphunzitsi alikufotokoza phunziro latsopano pa bolodi. Madzulo atenga masamu kapena mafunso kunka nao kwao, kuti akayese yekha zimene anamva. Mwambo umenewu ngwakale, kotero kuti ambiri saukaikira konse. Koma uli ndi cilema cimodzi cimene mphunzitsi ali yense wa kumudzi acidziwa bwino. Gawo lopepuka, ndilo kumva, mwana alicita mphunzitsi ali pafupi. Gawo lolemera, ndilo kuyesa ndi kulakwa, alicita ali yekha, kawirikawiri pa kuunika kwa koloboyi, pakati pa akulu amene sangathe kumthandiza.

Kaphunzitsidwe kamene a ku America akacha flipped learning, ndiko kunena kuphunzira kotembenuza, kasinthanitsa magawo awiriwa. Mwana ayamba wamva phunziro asanafike m'kalasi, powerenga buku kapena poonera vidiyo yaifupi imene mphunzitsi waika pa intaneti. Tsono nthawi ya m'kalasi ikhala ya kuyesa, kufunsana ndi kukonza zolakwa. Mbiri ya njirayi iyenera kudziwika kwa aphunzitsi, cifukwa pa sukulu zimene inakhazikika, nchito imene inadya nthawi yambiri inali ya kuphunzitsanso aphunzitsi okhwima kale, amene anazolowera kuima kutsogolo ndi coko m'manja.

Maganizo ace si adzulo ai. Sylvanus Thayer, amene anayang'anira sukulu ya asilikali ya West Point, m'dziko la United States, kuyambira 1817 kufikira 1833, analamula kuti wophunzira ali yense aziwerenga phunziro lace asanalowe m'kalasi. Atalowa anali kuitanidwa ku bolodi kuti aonetse pamaso pa anzace zimene wamvetsa, ndipo anali kupatsidwa malikisi tsiku ndi tsiku. Koma Thayer anali ndi zinthu ziwiri zimene sukulu wamba ilibe: magulu aang'ono, ndi ophunzira ozolowera kumvera lamulo la usilikali.

Munthu amene anaonetsa poyera cifukwa cace njirayi ifunika ndiye Eric Mazur, wobadwira ku Netherlands, amene anayamba kuphunzitsa fizikisi pa yunivesite ya Harvard m'caka ca 1984. Iye anali wodziwa kulankhula. Ophunzira anali kumtama, napambana mayeso ace. M'caka ca 1990 anawerenga za mayeso ena okonzedwa ndi David Hestenes ndi anzace ku Arizona, mayeso opanda masamu obvuta, ofunsa za zinthu zooneka masiku onse. Funso lina linali lotere: lole yolemera ikagundana ndi kagalimoto kakang'ono, ndi citi cimene cikankha cinzace ndi mphamvu yoposa? Yankho loona ndi lakuti mphamvu ziwirizo zilingana, ndipo lamulo limeneli la Isaac Newton ophunzira onse anali atalilemba m'makope mwao. Mazur anawayesa ali ndi cikhulupiriro cakuti apambana onse. Ambiri anaphonya. Pakati pa mayesowo wophunzira wina anamfunsa ngati ayankhe monga anaphunzitsidwira m'kalasi, kapena monga iye mwini aganizira za zinthuzo. Pamenepo Mazur anazindikira kuti ana ace analoweza mau ndi njira za masamu, koma maganizo ao akale anali cikhalire, osakhudzidwa.

M'caka ca 1991 anasintha. Analamula ophunzira kuti aziwerenga phunziro asanabwere. M'kalasi anali kufunsa funso limodzi, nawapatsa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti yense aganize payekha ndi kusankha yankho. Pambuyo pace yense anali kutembenukira kwa mnzace wa yankho losiyana ndi lace, kuti akopane, ndipo potsiriza anali kuyankhanso kaciwiri. Kawirikawiri mayankho oona anali kuculuka pa ulendo waciwiriwo. Mazur anafotokoza cifukwa cace motere, kuti wophunzira amene wangomvetsa kumene cinthu akumbukira bwino pamene panamtsamwitsa, pamene mphunzitsi amene anacidziwa zaka zambiri zapitazo anaiwala kuti pali cobvuta. Buku lace lochedwa Peer Instruction linaturuka mu 1997. Tsono cofunika kuciona ncakuti pa ciyambi cimeneci panalibe vidiyo. Luso lonse linali m'kapangidwe ka funso. Funso limene onse alidziwa silibutsa mtsutso, ndipo limene onse aliphonya lingosokoneza. Lofunika ndi lija ligawa kalasi pakati, limene mayankho ace olakwa aulula cimene ciri m'mutu mwa mwana. Mafunso otere sapangika mphunzitsi ataima kale pa bolodi.

Njirayi inatsikira ku sukulu za sekondale kupyolera pa sukulu ya kumapiri, osati ya mumzinda. Woodland Park ndi katauni ka m'cigawo ca Colorado, pafupi ndi phiri la Pikes Peak, ndipo sukulu zina ziri kutali nako. Ana a timu ya mpira ndi masewera ena anali kucoka msanga, nakhala maora ambiri m'basi, naphonya maphunziro a masana. Aphunzitsi awiri a kemisitiri, Jonathan Bergmann ndi Aaron Sams, anatopa ndi kubwereza phunziro limodzimodzi kwa ojomba. M'caka ca 2007 Sams anawerenga za pulogalamu ya pa kompyuta yotha kujambula mau a mphunzitsi pamodzi ndi zimene alikulemba, ndipo awiriwo anayamba kujambula maphunziro ao ndi kuwaika pa intaneti. Anadabwa kuona kuti ana amene sanajombe naonso alikuonera, makamaka poyandikira mayeso. Pomwepo Sams anadzifunsa kuti, kodi mwana afuna mphunzitsi pafupi nthawi iti? Anapeza kuti ndi nthawi imene watsamwa pa samu, si nthawi ya kumva ai. Cotero m'caka ca sukulu ca 2007 ndi 2008 anajambuliratu maphunziro onse, naleka kukamba nkhani zazitali m'kalasi.

Zimene anakomana nazo ziphunzitsa koposa cipambano cao. Ana ena analibe intaneti kwao. Amenewa anawaikira mavidiyo pa ma DVD ndi pa timafulashi. Ana ambiri sanadziwe kuonera vidiyo ya phunziro, pakuti anali kuionera monga aonera kanema wa nthabwala. Cotero masiku oyamba a caka aphunzitsiwo anali kuonera nao pamodzi m'kalasi, kuwaphunzitsa kuimitsa, kubwerera m'mbuyo, kulemba mfundo m'kope, ndi kubwera m'mawa ndi funso lao lao. Ndipo iwo eni anayenera kuphunzira nchito yatsopano: kuyendayenda pakati pa madesiki, kuwerama pa kope la mwana, kulankhula ndi mwana ali yense tsiku liri lonse, ndi kupirira phokoso la kalasi imene ilikugwira nchito. Buku lao, Flip Your Classroom, linaturuka mu 2012, ndipo ndilo linachukitsa dzina la njirayi.

Nthawi yomweyo mabwalo a pa intaneti, kumene mphunzitsi aikako maphunziro ndi mafunso ndi kuona amene wawerenga, anali atayamba kuculuka. Limodzi la oyamba ndi Moodle, limene linaturuka mu 2002. Mwini wace, Martin Dougiamas, anakulira m'cipululu ca kumadzulo kwa Australia, kutali ndi sukulu iri yonse, ndipo maphunziro ace oyamba anawalandira pa wailesi. Nkosadabwitsa kuti analipereka kwaulere. Salman Khan, amene anayamba ndi kuthandiza msuweni wace masamu pa lamya mu 2004, anayamba kuika mavidiyo ace pa YouTube mu 2006, ndipo Google Classroom inadza mu 2014.

Pa sukulu ya sekondale ya Byron, m'cigawo ca Minnesota, ndalama za mabuku atsopano a masamu zinasowa m'caka ca 2010. Aphunzitsi a masamu anakhala pansi pamodzi, nalemba okha maphunziro onse, nawaika pa Moodle pamodzi ndi mavidiyo ao. Popeza ana onse anali kulemba mayeso amodzimodzi, aphunzitsiwo anatha kulinganiza zoturuka zace ndi kuona kuti mutu wakuti waumveketsa bwino ndani. Ndipo mwana anali womasuka kuonera vidiyo ya mphunzitsi wina ngati ya mphunzitsi wace sanaimve. Ici cifuna mtima wodzicepetsa umene supezeka paliponse. Mphunzitsi amene wakhala zaka 20 ali mfumu m'cipinda cace, citseko cotseka, sakondwa msanga kuti anzace amve mau ace ndi kumuuza pamene wazungulira.

Ku Clintondale, pafupi ndi mzinda wa Detroit, mphunzitsi wamkulu Greg Green anali ndi sukulu ya ana ambiri osauka, imene inachuka ndi kulephera. Iye sanalamule aphunzitsi onse tsiku limodzi. M'caka ca 2010 anayamba ndi mphunzitsi mmodzi ndi kalasi imodzi. Ataona zipatso anaonjeza ana onse a Giredi 9, ndipo mu 2011 sukulu yonse inatsata. Mavidiyo anali aafupi, a mphindi zowerengeka, ndipo ana osowa makina kwao anali kuonera pasukulu pomwepo, m'mamawa kapena ataweruka. Sukuluyo inalengeza kuti mu Giredi 9 olephera Cingerezi anatsika kucokera pa 52 kufika pa 19 mwa ana 100 ali onse, ndi olephera masamu kucokera pa 44 kufika pa 13. Ziwerengero zimenezi zinacokera kwa eni sukulu, ndipo munthu wanzeru azilandira mosamala. Koma kayendetsedwe ka Green, ka kuyamba ndi mmodzi kuti anzace aone ndi maso, nkoyenera kutamidwa.

Ku Stillwater, m'cigawo comweco ca Minnesota, alangizi awiri a aphunzitsi, Kristin Daniels ndi Wayne Feller, anaona cinthu coseketsa m'makosi a aphunzitsi: anthu anali kusonkhanitsidwa m'holo, nakhala cete tsiku lonse kumvera mlendo alikuwauza kuti asamalankhule nthawi yaitali m'kalasi. Iwo anatembenuza kosi yomwe. Za kagwiritsidwe ka makina, monga kujambula vidiyo ndi kuiika pa bwalo la pa intaneti, mphunzitsi anali kuziphunzira yekha pa vidiyo pa nthawi yace. Tsono pokomana ndi alangizi, m'timagulu ta anthu owerengeka, yense anali kubwera ndi phunziro lace leni leni limene adzaphunzitsa, nalikonza pomwepo mlangizi ali pambali. Motero mphunzitsi analawa yekha zimene mwana adzalawa, pamodzi ndi manyazi a munthu amene wafika osakonzeka. M'caka ca 2014 bungwe la aphunzitsi a njirayi, lochedwa Flipped Learning Network, linalemba poyera kuti kupatsa ana vidiyo ya kunyumba pakokha sikuli kuphunzira kotembenuza, ndipo pa mizati inai imene linachula, wotsiriza unali mphunzitsi waluso amene ayang'ana ana ace, nalandira kudzudzula kwa anzace.

Si umboni wonse umene ukometsa njirayi. M'caka ca 2019 Elizabeth Setren ndi anzace anaturutsa zimene anapeza pa West Point pomwe paja, pamene makalasi ena anasankhidwa mwa maere kuti aphunzire motembenuza, ena mwa kale. Pa masamu otembenuza anapambana pa mayeso apafupi, pa maphunziro a za cuma panalibe kusiyana, ndipo pofika mayeso otsiriza phindu lija linali litazimirira. Coopsa koposa ncakuti amene anapindula anali makamaka ophunzira amphamvu kale, kotero kuti mpata pakati pa iwo ndi ofooka unakula. Ngati zinatero pakati pa asilikali odya bwino, okhala ndi kompyuta yense, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi ayenera kuyamba wafunsa za mtsikana amene madzulo atunga madzi ndi kusinja, ndi za nyumba imene ili ndi foni imodzi yokha, imene bambo apita nayo ku msika.

Caka ca 2020 cinayesa zonsezi mwankhanza. Cifukwa ca mliri wa COVID-19 sukulu za m'Zambia zinatsekedwa pa 20 March; a Giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera pa 1 June, ndipo otsala anadikira kufikira September. Bungwe la UNICEF linawerenga kuti pa dziko lonse lapansi ana osacepera 463 miliyoni sanafikidwe ndi maphunziro a kutali a mtundu uli wonse. Aphunzitsi ambiri m'maiko onse anaphunzira makina mwa liwiro, m'masabata owerengeka, ndipo ambiri a iwo anangosamutsira nkhani zao zazitali pa intaneti. Gawo lija la m'kalasi, limene Mazur ndi Sams analiyesa mtima wa nchito yonse, ndilo linasowa.

Komabe kugawana nchito pakati pa mau ocokera kutali ndi munthu wokhala pafupi ndi ana si cinthu cacilendo m'Zambia. M'caka ca 2000 Unduna wa Maphunziro unayamba kuulutsa pa wailesi maphunziro ochedwa Learning at Taonga Market, cifukwa ca ana amasiye ndi ena amene analibe malo m'sukulu. Ana anali kusonkhana m'chalichi, m'khumbi kapena patsinde pa mtengo, pozinga wailesi imodzi, kawirikawiri yopukusa ndi dzanja popeza mabatire anali odula. Woyang'anira gululo anali munthu wa m'mudzi momwemo, wosapita ku koleji ya uphunzitsi, amene analandira kosi ya masiku owerengeka ndi buku lomuuza zocita wailesi isanayambe, irikulankhula, ndiponso itatha. Mphunzitsi wa pa wailesi anali kulankhula theka la ora, nthawi zina naima kuti woyang'anira alembe pa bolodi kapena aitane mwana kuti ayankhe. Ndipo wailesi ikatsekedwa, woyang'anirayo anali kutsala ndi ana, kubwereza nao phunziro ndi kuona zimene yense walemba.