Amayi Amene Anakana Kuiwala Osowa

Sabata ino tiyeni tiyang'ane m'mbuyo, tione mbiri ya amayi amene anakana kukhala chete pamene abale awo anasowa kapena kuphedwa.

Tiyambe ndi dziko la Canada. Kumeneko, kwa zaka zambiri, amayi ndi atsikana a mitundu ya eni nthaka, amene azungu anaipeza m'dzikomo, ankasowa ndi kuphedwa koma akuluakulu osalabadira. Mu 1992 amayi a mumzinda wa Vancouver anayamba kuyenda ndawala pa 14 February chaka chilichonse, akutchula maina a anzawo amene anaphedwa. Mu 2010 mayi Jaime Black anayamba kupachika madiresi ofiira opanda owavala, kuti odutsa azifunsa kuti eni ake ali kuti. Khama limeneli linabala zipatso. Mu 2014 apolisi anavomera kuti pakati pa 1980 ndi 2012 amayi ndi atsikana 1,181 a mitunduyi anaphedwa kapena kusowa, ndipo mu 2019 bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa linatulutsa mfundo 231 zoyenera kutsata.

Mwina wina anganene kuti za ku Canada zili kutali ndi ife a kuno kunsi kwa phiri la Mulanje. Koma nafenso tili nawo osowa athu. Kuyambira kumapeto kwa 2014, abale athu achialubino anayamba kubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Pofika June 2016, bungwe la Amnesty International linali litawerenga anthu 18 ophedwa ndi ena 5 osowa. Ngakhale manda awo ankafukulidwa.

Oyamba kulimbana ndi zigawengazi anali amayi a m'midzi, opanda chida chilichonse. Mu February 2016, m'boma la Machinga, mayi wina anatemedwa ndi chikwanje pamphumi usiku poteteza ana ake amapasa. Mmodzi anamupulumutsa, winayo anamulanda ndipo anakapezeka ataphedwa. Mayiyu sanabise chisoni chake, koma anafotokoza poyera zimene zinachitika, ndipo nkhani yake inamveka mpaka kunja.

Mu April chaka chomwecho kunabwera mayi Ikponwosa Ero wa ku Nigeria, mwalubino amene bungwe la United Nations linamusankha kuti aziyang'anira ufulu wa anthu achialubino. Atayendera dziko lino, iye anachenjeza kuti ngati sipachitika kanthu, anthuwa adzatha pang'onopang'ono. Mawu ake, pamodzi ndi kulira kwa bungwe la anthu achialubino la APAM, anathandiza kuti mu 2016 momwemo Nyumba ya Malamulo ikhwimitse zilango za milandu yotereyi.

Pali nkhani ina imene ife Akatolika sitiyenera kuizemba. Mu March 2018, MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22 wa ku Machinga, anasowa ndipo anapezeka ataphedwa. Mu April 2022 woweruza wa bwalo lalikulu, mayi Dorothy NyaKaunda Kamanga, anapeza anthu 12 olakwa pa mlanduwu. Pakati pawo panali mchimwene wa malemuyo, wapolisi, wachipatala ndiponso wansembe wa Mpingo wathu, amene anagamulidwa kukakhala kundende zaka 30. Izi nzopweteka kuziwerenga, koma zikutiphunzitsa kuti mdani wa wosowa sachokera kutali nthawi zonse, ndipo kuti kubisa choipa chifukwa cha ulemu wa munthu ndiko kuchilimbikitsa.

M'Malembo Oyera, m'buku lachiwiri la Samuele mutu 21, timawerenga za Rizipa, mayi amene anakhala pathanthwe usana ndi usiku akuingitsa mbalame ndi zilombo pa mitembo ya ana ake, kufikira mfumu Davide atamva nalamula kuti mafupawo aikidwe mwaulemu. Rizipa analibe udindo kapena chuma, anangokana kuchoka. Amayi a ku Vancouver ndi mayi wa ku Machinga uja anachita chimodzimodzi.

Nanga ife titani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000, choncho ena tili nawo m'malimana ndi m'makalasi athu. Tileke kuwatchula maina achipongwe monga aja akuti "ndalama". Tiperekezane nawo popita kusukulu ndi potuluka m'tchalitchi. Munthu akasowa m'mudzi, tisadikire kuti kuche kawiri: tikanene kwa mfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo, osati kulanga tokha amene tikumuganizira. Ndipo pa 13 June, tsiku lokumbukira anthu achialubino, tipemphe Bambo Mfumu kuti pa Misa titchule osowawo m'mapemphero. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amayi Maria, amene munafunafuna Mwana wanu masiku atatu muli ndi chisoni, mutipempherere.