Katondo, phulusa ndi gudumu la Newton

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikambeko za mitundu. Masiku ano wachinyamata wokonza chikwangwani cha ukwati amangotsegula Adobe Color kapena Canva, n'kusankha mtundu umodzi, kompyuta n'kumupatsa inzake yogwirizana nawo. Zimaoneka ngati matsenga, koma ndi masamu akalekale.

Mu 1704, Isaac Newton anasanja mitundu ya utawaleza mozungulira ngati gudumu. Mu 1839, Michel-Eugène Chevreul, yemwe ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya Gobelins ku Paris, analemba kuti mtundu umasintha maonekedwe malinga ndi mnzake woyandikana naye. Anthu ankadandaula kuti ulusi wakuda ndi wofuwa, iye n'kupeza kuti utoto unalibe mlandu, diso ndi limene linkapusitsidwa. Kompyuta yangotengera pomwepo. Mtundu uliwonse imausunga ngati manambala atatu, kuyambira 0 mpaka 255, a kufiira, kubiriwira ndi buluu. Ikafuna mtundu wotsutsana imazungulira gudumu lija madigiri 180, ikafuna itatu yolingana imadumpha 120.

Tsono tabwerani kuno kwathu. M'midzi ya ku Nsaru, Kabudula mpaka Nambuma, amayi akhala akuzira nyumba kuyambira makedzana: katondo wofiira, dothi lakuda la kudambo, phulusa kapena dothi loyera. Chipupa chofiira, m'munsi mzere wakuda, pakhonde kuwalitsa pang'ono. Palibe anawauza za madigiri, koma mitunduyo simenyana, chifukwa ya dothi siikuwa, imakhala yofatsa mofanana. Pulogalamu ija, kuti ifike pamenepo, imachita kuchepetsa ukali wa mtundu ndi manambala.

Mitundu itatuyi si yangozi ayi. Mwa mawu enieni a mitundu m'Chichewa muli kuyera, kuda ndi kufiira. Ina timachita kufanizira: chikasu, mtambo, phulusa. Brent Berlin ndi Paul Kay, mu 1969, anaona kuti zilankhulo za mawu atatu zimakhala ndi atatu omwewa. Yang'ananinso nkhope zambiri za Gule Wamkulu, kapena zojambula za pamiyala ku Chongoni ku Dedza, zofiira ndi zoyera.

Chondiseketsa n'chakuti katondo yemweyo ali ndi nambala yake. Akatswiri a nthaka, ngati a pa Chitedze pamsewu wa ku Mchinji, amayerekeza dothi ndi timabokosi ta mitundu ta dongosolo la Albert Munsell, amene analiyamba mu 1905.

Koma lero simenti ndi penti zikulowa, ndipo pa Mpingu kapena pa Namitete magolosale ambiri avala mitundu ya makampani a foni, kufiira uku, kubiriwira uko. Mtsikana wokulira m'nyumba ya simenti sadziwa dambo la dothi labwino. Chonsecho mapulogalamu omwewa amatha kutola mitundu kuchokera pachithunzi. Amene muli kumudzi, jambulani chipupa chozira cha agogo mvula isanachikukute, muchiike m'pulogalamumo, mutitumizire m'gulu muno mitundu isanu imene ituluke.