Mwadziwa bwanji kuti ndi wa ku Kasama?

Pa tchuthi cha mu Ogasiti ndinapita kumudzi ku Chadiza nditanyamula kapaketi ka khofi kamene ndinagula mu Lusaka. Sanali Ricoffy amene timamwa m'komboni mwezi ukatha ayi. Anali khofi wa njere zokazinga, wodula ndithu, ndipo papaketi panalembedwa kuti analimidwa ku Kasama. Amalume analawa, nakwinya nkhope, nawonjezera shuga masipuni atatu. Kenako anatembenuza paketi ija.

"Aphunzitsi, mwadziwa bwanji kuti ndi wa ku Kasama?"

"Alemba pamenepo, amalume."

"Walemba ndani? Munda wake munauona?"

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo chaka chilichonse ndimauza ana kuti asakhulupirire pepala asanafunse amene analilemba. Tsikulo ndinasowa choyankha. Amalume sanafunse mwachipongwe. Mwezi umenewu ndi wa malonda a nshawa, zimene anzathu a ku Malawi amati mtedza, ndipo iwo amaona okha zimene zimachitika pa sikelo. Matumba ena amachokera m'minda ya pamudzi pathu, ena amabwera pa njinga kuchokera kutsidya kwa malire a Mozambique. Akangokwera lole imodzi, onse amasanduka "nshawa za ku Chipata".

Nditabwerera ku Lusaka ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti funso la amalume ndi lakale ngati malonda a khofi enieniwo.

Khofi wa mtundu wa arabica kwawo ndi kunkhalango za m'mapiri a kumwera chakumadzulo kwa Ethiopia. Pofika zaka za m'ma 1400 anthu a ku Yemen anali kumulima ndi kumumwa. Koma azungu atayamba kumugula sanamutchule dzina la phiri lililonse. Anamutcha Mocha, dzina la doko la pa Nyanja Yofiira pamene ankakwezera matumba m'zombo. Pa Mocha penipeni khofi sankalimidwa, chifukwa ndi malo otentha a m'mphepete mwa nyanja. Alimi anali kumtunda, ngamila zinkatsitsa katundu, dzina n'kupita kwa doko. Kuyambira pachiyambi, amene ali ndi sikelo ndiye ankatchula dzina.

Mtengowo unayenda kwambiri. A Dutch anakaubzala ku Java cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1690. Mu 1706 mbande ina inafika m'munda wa zomera ku Amsterdam, ndipo mu 1714 mtengo wochokera kumeneko unaperekedwa kwa mfumu Louis XIV ya ku France. Mbewu za mitengo imeneyi ndi zimene zinawoloka nyanja kupita ku Caribbean. Kuno kwathu njira yake inali yokhotakhota kuposa pamenepo. Mu 1878 wosamalira maluwa wina dzina lake Jonathan Duncan anabweretsa mbande ku mishoni ya Blantyre kuchokera m'munda wa zomera wa ku Edinburgh. Ndiye kuti mtengo wa mu Africa unafika ku Nyasaland kudzera ku Scotland. Atsamunda anaukonda mpaka kuujambula pa chizindikiro cha boma la British Central Africa, koma chitadutsa chaka cha 1900 mitengo ya khofi inagwa pamsika chifukwa cha kuchuluka kwa khofi wa ku Brazil, tizilombo tinawononga minda, ndipo azungu anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Amene anakhazikika ku Fort Jameson, Chipata wa lero, anadalira fodya. Mu Zambia khofi anakhazikika kumpoto kwa mvula yambiri, m'mafamu monga Kateshi ndi Ngoli pafupi ndi Kasama, komanso ku Mazabuka kumene amathirira.

Mtengo ndi umodzimodzi, koma wamera m'nthaka zosiyana. Apa ndi pamene akatswiri a kemisitiri analowerera, ndipo mnzanga wophunzitsa sayansi anandifotokozera mu stafurumu mpaka tiyi wathu anazizira.

Choyamba ndi mvula. Madzi onse amaoneka ofanana, koma okosijeni amene ali m'madzi alipo wolemera pang'ono ndi wopepuka. Mtambo ukachoka panyanja, madzi olemera ndi amene amayamba kugwa. Ukamalowa kumtunda ndi kukwera mapiri, mvula yake imanka ipepukirapepukira. Mtengo umamwa madzi amenewo, ndipo chizindikiro chake chimatsalira m'njere. Chachiwiri ndi miyala. Thanthwe likamafumbutuka n'kukhala dothi limatulutsa michere monga strontium, ndipo strontium wa m'thanthwe lakale kwambiri amasiyana ndi wa m'chiphalaphala cha phiri lophulika posachedwa. Mizu imatenga zimenezi mosasankha, ndipo moto wokazingira suzichotsa. Wasayansi amapera njere, n'kuzisungunula mu asidi, n'kuyeza ndi makina kuchuluka kwa chinthu chilichonse. Palinso mankhwala ena, 16-O-methylcafestol, amene amapezeka ochuluka mu robusta koma ochepetsetsa mu arabica, kotero wosakaniza khofi wotchipa mu wodula amagwidwa.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya ku Kona, dera laling'ono la m'mapiri ophulika a ku Hawaii, kumene alimi ambiri ali ndi minda ya maekala ochepa ngati amalume. Khofi wawo ndi mmodzi mwa odula kwambiri padziko lonse. Mu 1996 wamalonda wina anagwidwa akuitanitsa khofi wotchipa wa ku Panama ndi Costa Rica n'kumuthira m'matumba olembedwa Kona. Iyeyo anamangidwa, koma mapaketi olembedwa Kona anapitirira kudzaza masitolo kuposa zimene mapiriwo angabereke. Mu 2019 alimi anasumira masitolo akuluakulu a ku America ndi makampani okazinga khofi. Umboni wawo unali wa mu labotale: anayerekeza kuchuluka kwa michere monga strontium ndi zinc, barium ndi nickel, mu khofi wa m'minda yawo ndi wa m'mapaketi. Manambala sanagwirizane. Osumiridwawo anasankha kulipira mlandu usanazengedwe, ndipo ndalama zonse zinapitirira madola 41 miliyoni. Ena analonjeza kusintha zolemba papaketi.

Ndinasangalala. Ndinaganiza za nshawa za Chalimbana, zazikulu zija zimene kale zinkatchuka mpaka kunja, ndipo ndinati tsiku lina makina adzanena kuti izi ndi za ku Chadiza. Mnzanga uja anandizimitsa moto. Makina sadziwa dzina la malo. Amangoyerekeza njere yokayikitsa ndi njere zina zimene munthu anakatola yekha m'minda yodziwika, chaka ndi chaka, n'kuzisunga m'kaundula. Alimi a ku Kona anali ndi bungwe, maloya, ndiponso mapiri osafanana ndi a ku Panama. Ife tili ndi chiyani?

Ndiye pali vuto lina limene ine wa mbiri yakale ndinayenera kuliona ndekha. Malire a kumwera kwa Chadiza anachokera m'pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891. Anadula pakati pa dziko la Undi, ndipo mpaka lero Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika pa Kulamba. Munda wa amalume ndi munda wa msuweni wawo kutsidya amalandira mtambo umodzi, ndipo ali pa mapiri omwewo. Kemisitiri ingasiyanitse Kasama ndi Brazil. Kusiyanitsa mudzi wa kwa Mlolo ndi mudzi woyandikana nawo wa m'chigawo cha Tete ndi nkhani ina, ndipo moona mtima sindikudziwa ngati ndingakonde kuti itheke. Amene amabweretsa nshawa pa njinga aja ndi abale athu, ndipo amabwera chifukwa msika wapafupi uli mbali ino.

Koma ogula a kutali ayamba kale kufunsa funso la amalume. Mu 2023 European Union inakhazikitsa lamulo lakuti khofi, koko, soya ndi mbewu zina zolowa kumeneko zisonyeze malo enieni a munda pa mapu, pofuna kutsimikiza kuti sanadule nkhalango chitatha chaka cha 2020. Tsiku loyamba kuligwiritsa ntchito lakhala likusunthidwa, ndipo nshawa mulibe pamndandandawo. Soya alimo, ndipo ku Chadiza soya akulimidwa kwambiri masiku ano.

Ndinawaimbira foni amalume kuwafotokozera zonsezi, za mvula yolemera ndi miyala yakale. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye paketi yanu ija munakaiyezetsa?"

Ndinati ayi, kuyezetsako ndalama zake zingagule mapaketi ambirimbiri. Anaseka, n'kundiuza kuti lole inabwera Lachiwiri, ndipo matumba awo 14 anapita osalembedwa kanthu.