Katepi ka mitundu itatu ndi njala ya 2002 ku Dowa

Mayi aliyense wa ku Mponela, ku Madisi kapena kumapiri a Ntchisi amene amapita ndi mwana ku sikelo amakadziwa katepi kamene mlangizi wa zaumoyo amakulunga pamkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono. Kali ndi chigawo chofiira, chachikasu ndi chobiriwira. Komatu mikono ya ana siigwa m'magulu atatu mwa iyo yokha. Imasiyana pang'onopang'ono, milimita ndi milimita. Ndi anthu amene anakhala pansi n'kudula malire, ndipo mbiri ya malirewo inadutsa m'boma la Dowa.

Kale, mwana akatupa mapazi, tsitsi n'kufiira, akuluakulu a m'mudzi ankati ndi tsempho kapena mdulo, n'kuyamba kufunsa makolo ngati anasunga mwambo. Madokotala nawo ankafunafuna njira yawo yogawira ana. Mu 1956, Federico Gómez wa ku Mexico anagawa kunyentchera m'magawo atatu poyerekeza kulemera kwa mwana ndi zaka zake. Vuto linali lakuti m'midzi yambiri tsiku lobadwa silinkalembedwa. Mu 1974, Adnan Shakir ndi David Morley anabweretsa kachingwe ka mitundu koyezera mkono, chifukwa mkono wa mwana wathanzi susintha kwambiri kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu. Sikafuna sikelo, sikafunanso munthu wodziwa masamu.

Kenaka kunabwera njala. Mu February 2002, Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Nthawi imeneyo mwana wonyentchera kwambiri ankayenera kugonekedwa kuchipatala pafupifupi mwezi wathunthu, akumwa mkaka wapadera. Kwa mayi wa kuseri kwa mapiri, zimenezi zinkatanthauza kusiya munda, ana ena ndi nyumba. Ambiri sankapita, ndipo palibe angawadzudzule.

Chaka chomwecho mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, anayesa njira ina ku Dowa. Pa njira imeneyi, mwana amene ali ndi matenda ena kapena akukana kudya ndiye amagonekedwa. Wotsalayo amalandira chiponde, chakudya cha mtedza, mkaka waufa, shuga ndi mafuta chimene André Briend ndi Michel Lescanne anakonza ku France mu 1996, n'kukadyera kwawo. Ofufuza atayerekeza Dowa ndi Mchinji, kumene ankagonekabe ana onse, anapeza kuti ku Dowa thandizo linkafikira pafupifupi ana atatu mwa anayi ofunika thandizo, pamene ku Mchinji linkafikira mmodzi mwa anayi. Mu 2006 boma linavomereza njirayi kuti ifalikire dziko lonse, ndipo mu 2007 WHO, UNICEF ndi WFP anailimbikitsa kumayiko onse.

Kuti zimenezi zitheke pankafunika lamulo losavuta losankhira ana, ndipo apa ndi pamene miyezo ingapo imasanduka dzina limodzi. Pali kukula kwa mkono. Pali kulemera poyerekeza ndi kutalika. Pali kutupa kwa mapazi onse awiri, kumene amakuona podina ndi chala kwa masekondi atatu. Mwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59, chimodzi chokha mwa zitatuzi chikadutsa malire, walowa m'gulu la onyentchera kwambiri. Akatswiri a kafukufuku amachita zomwezo pa kompyuta, m'mapulogalamu monga Epi Info, WHO Anthro ndi ENA: amalowetsa makilogalamu, masentimita ndi mamilimita a ana mazanamazana, pulogalamu n'kutulutsa mzere watsopano wongonena kuti uyu ali bwino, uyu wanyentchera pang'ono, uyu wanyentchera kwambiri. Lamulo limati mkono kapena kulemera kapena kutupa, ndipo mawu akuti "kapena" m'lamulomo ndi ofunika zedi, chifukwa tepi ndi sikelo sizigwira ana omwewo. Wolemba "ndi" m'malo mwa "kapena" amataya ana ambiri odwala.

Malirewo anasunthanso. Ku Dowa mu 2002, chofiira chinkayambira pansi pa mamilimita 110. Mu 2006 WHO inatulutsa miyezo yatsopano ya kakulidwe ka ana, ndipo mu 2009 WHO ndi UNICEF anakweza malire a mkono kufika pa 115. Mwana wa mkono wa 113, amene kale akanalandira Likuni Phala yekha, anayamba kulandira chiponde. Lero chachikasu chimayambira pa 115 mpaka pansi pa 125, ndipo chobiriwira chimayambira pa 125.

Kugawa kotereku kunapulumutsa miyoyo, chifukwa mlangizi wa zaumoyo ali pansi pa mtengo ndi mzere wautali wa amayi ayenera kusankha msanga. Koma gulu limabisanso zina. Mwana wa 116 ndi wa 124 onse ndi achikasu, pamene woyambayo wayandikira ngozi. N'chifukwa chake wosunga kaundula, kaya wa pepala kaya wa pa kompyuta, sayenera kufufuta nambala yeniyeni atalemba gulu. Ndi nambalayo imene imaonetsa ngati mwana akutsika mwezi ndi mwezi, ndipo ndi yomweyo imene imalola kuwerenganso malire akasintha.

M'zaka zaposachedwa katepika kayamba kuperekedwa kwa amayi ndi abambo kuti aziyeza ana awo kunyumba. Amene muli nako, makamaka m'miyezi ya njala kuyambira December mpaka March, yezani mwana kawirikawiri, ndipo mukaona chachikasu musadikire chofiira: pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo.