Nsalu Idatha, Mphasa Idatsala

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mulibe nyumba yosadziŵa mphasa. Mlendo akafika timamuyalira mphasa tisanamufunse kumene wachokera. Mphale ndi ufa timayanika pamphasa, wodwala timamugoneka pamphasa kuti aothere dzuŵa, ndipo ankhoswe amakamba za banja atakhala pamphasa. Popeza tidaizoloŵera chotere, ambiri timayesa kuti mphasa ilibe mbiri. Chonsecho iyo ndi mwana wotsala wa banja lalikulu la maluso a makolo athu. Abale ake aŵiri, chiwondo ndi nsalu ya thonje yoomba pamanja, adapita kale. Tsono tiyeni tifunse: chidapha aŵiriwo n'chiyani, nanga mphasa idapulumuka bwanji?

Mkulu pa onse adali chiwondo, chimene ena amati nyanda. Mwamuna ankaloŵa m'nkhalango ya mitengo ya mombo, yonga imene yazinga phiri la Ntchisi, nasenda khungwa la mtengo wosakalamba. Ankapala kunja kwake, kuliviika m'madzi, kenaka kulimenya pa chipika mpaka litafeŵa ndi kutambasuka. Chovala chimenechi chinkafunditsa bwino m'nyengo yachisanu ya kumapiri, koma sichinkakhalitsa, makamaka mvula ikachipeza.

Nsalu ya thonje ndiyo idatchukitsa dziko la Amaravi, makolo a Acheŵa ndi Amang'anja. M'zaka za m'ma 1600 Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena ankagula nsalu zotchedwa machila kuchokera kumpoto kwa Zambezi, nakazisinthitsa ndi golide kutsidya kwa mtsinjewo. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adapeza minda ya thonje m'midzi, amuna ali kupota ulusi ndi kuomba nsalu. Adalemba kuti padali thonje lachilendo ndi lakwathu konkuno.

Ntchitoyo idali yofuna kudekha. Woomba ankayamba wachotsa njere m'thonje, nalipota pa kamtengo kozungulira mpaka likhale ulusi. Mau akuti njinga, amene lero timatchulira chokwera cha magudumu aŵiri, kale ankanena kachipangizo kokulungapo ulusi. Ulusi ukakwanira, munthu ankakhoma zikhomo pansi pabwalo, kuyala ulusi wa m'litali, n'kumapitiriza wa m'mimba umodziumodzi, akuuthina ndi kathabwa. Nsalu imodzi inkadya masiku ambiri, koma ikatha inkakhala yolimba, yoti mwini wake avale zaka.

Adani a nsalu imeneyi adabwera atatu motsatana. Woyamba adatulukira kunyanja. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdullah adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo malonda ake adadzetsa nsalu yoyera yotchedwa merikani, yoombedwa ndi makina ku America, yodzera ku Zanzibar. Njira za amalondawo zinkakwera kuchokera kunyanja kuloza kumadzulo, ndipo anthu a m'mapiri a Ntchisi adali pafupi nazo. Mtengo wa nsaluyo udali minyanga ya njovu ndiponso anthu. Ichi tisachiiŵale: mikwamba yambiri imene idaloŵa m'dziko muno masiku amenewo idalipiridwa ndi ana a eni ake, amene sadabwererenso.

Mdani wachiŵiri idali nkhondo. Angoni a Chiwere atakhazikika kuvuma kwa Dowa, Acheŵa ambiri adadzitsekera m'malinga, ena nathaŵira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Thonje limafuna miyezi m'munda, ndipo nsalu yokhomedwa pansi siingathe kunyamulidwa pamene mfuu yamveka. Munthu wogona tulo ta mbira alibe mtima woŵerenga ulusi. Luso limakula pamene pali mtendere. Mtendere ukachoka, manja amagwira uta ndi khasu basi.

Wachitatu adabwera mwaulemu, atanyamula sikelo ndi buku la msonkho. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziŵa ndi dzina loti Mandala, idayamba m'chaka cha 1878, ndipo idatsegula masitolo ogulitsa nsalu za ku Ulaya. M'chaka cha 1891 dziko lino lidakhala pansi pa ulamuliro wa Angelezi, ndipo posachedwa nyumba iliyonse idafunika kukhoma msonkho. Amuna adayamba kupita kukagwira ntchito ku minda ya azungu ya kumwera, ku Halale ndi ku Joni. Tsono kupota ndi kuomba idali ntchito ya amuna omwewo. Wobwera kuulendo ankafika ndi nsalu m'bokosi, ndipo mwana wake sadaonenso chifukwa chophunzirira ntchito ya masiku ambiri pamene sitolo ili pafupi. Pomwe fakitale ya David Whitehead idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, thonje la Malaŵi lidayambanso kusanduka nsalu m'dziko momwemuno, koma tsopano m'makina.

Padali ena amene adayesa kutsitsimutsa lusoli. Amishoni a Dutch Reformed, amene adayamba ntchito yao ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Kongwe m'chaka cha 1894, adaika mtima pa ulimi ndi ntchito zamanja za m'mudzi, kuphatikizapo kupota ndi kuomba. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zimene zidayendera sukulu za m'dziko muno m'chaka cha 1924, zidayamikira maphunziro ameneŵa. Pambuyo pake bungwe la MACOHA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, lidatsegula malo oombera ku Bangwe, kumene abale athu olumala adaonetsa dziko makalapeti ndi nsalu zokongoletsera zipupa zopangidwa ndi manja. Ntchito zimenezi n'zolemekezeka, komabe zikhomo zoombera sizidabwerere pabwalo la mudzi.

Nanga mphasa idapulumuka bwanji? Poyamba, chopangira chake sichigulidwa. Bango limadzimerera lokha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Bua ndi Kasangadzi. Wosoka amalidula m'chilimwe litakhwima, ntchito ya kumunda itachepa. Amalipala, kuling'amba, kuliyanika, ndipo akafuna kusoka amayamba waliwaza madzi kuti lisathyoke. Chingwe amachipota pantchafu, cha khonje kapena cha luzi. Kenaka amaboola timabango timodzitimodzi ndi singano yaitali yachitsulo, mzere ndi mzere, akukoka chingwe kuti pasatsale mpata. Mphasa yabwino imadziŵika poiyang'anitsa kudzuŵa: kuŵala kukapyola, wosokayo adafulumira.

Chachiŵiri, mphasa ndi katundu wamkulu koma wa mtengo wochepa. Wamalonda wa ku Zanzibar kapena wa ku Manchester sakadapindula poikweza m'chombo. Mnzake yekha amene adakwera kuchokera kunyanja ndi mkeka, wolukidwa ndi mlaza wa ku Salima ndi ku Nkhotakota, umene dzina lake ndi limodzimodzi ndi la m'Chiswahili. Aŵiriŵa sadalimbane, adangogaŵana ntchito: mkeka wofeŵa wa alendo ndi wa paulendo, mphasa yolimba ya tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndicho chachikulu. Mphasa idaloŵa m'mwambo. Namwali amalangizidwa atakhala pamphasa. Zinsinsi za banja akuluakulu amazitchula mwaulemu kuti za kumphasa. Mabokosi asanafale, makolo athu ankaika maliro atakulunga thupi m'mphasa, ndipo mpaka lero amai amachezera pasiwa atakhala pamphasa. Chovala munthu amasintha akaona china chokongola koposa, koma chinthu chimene chidamulandira pobadwa ndi chimene chidzamperekeze sachitaya msanga.

Komabe tisadzinamize kuti mphasa siingafe. Zimene zidaiteteza zayamba kugwedezeka. Mikeka ya pulasitiki yochokera kunja, yopepuka ndi yamaŵangamaŵanga, yadzaza m'misika monga wa Mponela, ndipo katundu amene kale sankakwera chombo tsopano akukwera. Madambo ambiri asanduka madimba chifukwa malo olima achepa, ndipo bango lotsala kaŵirikaŵiri limapsa ndi moto wa osaka mbeŵa. Osoka ambiri ndi achikulire. Mnyamata amaona agogo ake atagwira ntchito masiku angapo, kenaka wogula n'kumanenerera mtengo mpaka utsike ngati wa mulu wa tomato. Iye amaŵerengera mumtima mwake, monga adaŵerengera mwana wa woomba nsalu uja, nasankha ntchito ina. Umu ndi m'mene luso limafera: palibe amalipha ndi dzanja, koma tsiku lina mudzi umadzuka wopanda wodziŵa.

Mbiri imeneyi ikutipatsa ntchito zitatu zimene banja lililonse lingathe. Tisiye mzere wa bango m'mphepete mwa mtsinje polima dimba, pakuti mizu yake imagwiranso nthaka kuti madzi asagumule gombe. Tilipire wosoka mtengo wolingana ndi thukuta lake, osamchititsa manyazi pamsika. Ndipo pamene mkulu wodziŵa kusoka akali moyo m'mudzi mwathu, titumize ana akakhale pambali pake, agwire singano ndi manja ao, alakwitse, akonzedwe.

Makolo adati bango likauma libwera linzake. Mau ameneŵa ndi oona pokhapokha muzu ukadali m'dambo. Muzu wa nsalu ya thonje udazulidwa ndi malonda a anthu, nkhondo ndi msonkho, zinthu zimene makolo athu adalibe mphamvu yozikana. Muzu wa mphasa uli m'manja mwathu, m'dziko la mtendere. Ukauma, sitidzakhala ndi Jumbe kapena Mandala woti timloze chala.