Kuchokera pa Machila Kufika pa Ambulansi: Mbiri ya Zonyamulira Opulumutsa Anthu ku Salima

Boma la Salima lili pachigwa pamene mitsinje ya Linthipe, Lifidzi ndi Lingadzi imathira m'nyanja ya Malawi, ndipo poti malowa ndi athyathyathya, mvula ikagwa yamphamvu kumapiri a Dedza ndi Dowa madzi amatha kufika m'midzi ya kwa Pemba, kwa Maganga ndi kwa Ndindi kumeneko kusadagwe ndi dontho lomwe. Nchifukwa chake mbiri ya galimoto zothamangira ku ngozi m'derali, monga ambulansi, malole a asilikali ndi maboti opulumutsira anthu, imayendera limodzi ndi mbiri ya misewu, milatho ndi nyanja.

M'nthawi ya atsamunda wodwala kapena wovulala ankanyamulidwa pa machila, nsalu yomangirira ku mtengo imene amuna ankasenza pamapewa mosinthana, ndipo ulendo wautali unkadalira bwato kapena sitima. Sitima ya amishoni a Anglican yotchedwa Chauncy Maples, imene idayamba kuyenda mu 1901 ndipo idatenga dzina la bishopu amene adamira m'nyanjayi mu 1895, inkafikitsa aphunzitsi ndi mankhwala m'midzi imene kudalibe msewu. Njanji itafika ku Salima mu 1935 kudzera ku Chipoka, derali lidalumikizana ndi Blantyre, komatu sitima yapamtunda imayenda pa nthawi yake, siidziwa kuti kwagwa ngozi.

Pa 10 March 1989 chivomezi chidagwedeza Salima, nkupha anthu osachepera 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Pa nthawiyo dziko lidalibe lamulo lapadera la ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo lidadza mu 1991 madzi ndi miyala zitakokolola midzi ku Phalombe. Pa maziko a lamuloli padakula nthambi imene lero imadziwika kuti DoDMA, yomwe imagwirizanitsa ntchito yonse ya chithandizo, pomwe kufunafuna ndi kupulumutsa anthu kumatsogozedwa ndi asilikali a Malawi Defence Force. Pa mbali imeneyi Salima ili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe, popeza sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi gulu la asilikali a parachuti la ku Senga Bay zili m'bomamo.

Ngakhale zili tero, chigumula cha January 2015, pamene Salima idali limodzi mwa maboma 15 amene Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti agweredwa tsoka, chidaonetsa malire a galimoto iliyonse. Ambulansi zambiri za zipatala za boma ndi za mtundu wa Toyota Land Cruiser, zolimba pa matope ndi pa mchenga, koma palibe imene imawoloka mtsinje mlatho utaduka. Zikatero wodwala amachoka kumudzi pa ngolo, pa njinga ya kabaza kapena pa chitseko chimene abale azula m'nyumba, amawolotsedwa pa bwato, ndipo ambulansi imamudikira tsidya. Akafika pa chipatala cha boma cha Salima nkupezeka kuti wavulala kwambiri, pamatsala ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kukwera mapiri pa msewu wa M14 kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo ulendowo umafuna mafuta, amene m'zaka zina akhala akusowa m'dziko lonse.

Panyanja nkhani ndi ina. Mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera imene imawomba m'miyezi yozizira, ukagubuduza boti pafupi ndi zilumba za Mbenje kapena Maleri, oyamba kufika amakhala asodzi anzawo pa boti lamatabwa la injini, lomwe usiku wathawo limakoka khoka la chilimira. Alovi, amene ndi anyamata ogwira ntchito pa boti la mwini khoka, amadziwa kumene mafunde amakankhira munthu kuposa aliyense wobwera kuchokera kutali, koma ambiri amapita kukapulumutsa anzawo opanda majekete oyandamitsa, ndipo mafuta amene atha pa ulendowo amakhala a m'thumba mwa mwini boti. Ndi chinthu chodabwitsa kuti chombo chimene chimakhala pafupi ndi ngozi kuposa zonse sichiwerengedwa kawirikawiri pakati pa zipangizo zopulumutsira anthu.

Zaka zaposachedwapa zabweretsa kusintha, ngakhale kwambiri kwayambira kwina. Ambulansi zoitanidwa pa nambala yaulere ya 118 zidayambira pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, osati pa M5 wa m'mbali mwa nyanja, ndipo galimoto zozimitsa moto zimapezeka makamaka ku makhonsolo a mizinda ndi ku mabwalo a ndege. Namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 kuchigawo chakumwera mu March 2023, dziko lidadalira mahelikopita ochokera ku Tanzania ndi Zambia kuti lifike kumene misewu idaduka, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lotsindika kukonzekera ngozi isadagwe. Mu 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira ku Nkhotakota, nyanja nayo idakwera nkulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay, ndipo ku Dwangwako anthu amene adazingidwa ndi madzi adatulutsidwa pa maboti.